Nyerere M'mapazi a Felton

Felton Msosa anabwera ku London kudzaphunzira uinjiniya, koma sukulu inamuthera panjira. Pofika 1994 anali atakhazikika pa ntchito yoyendetsa basi yodutsa ku Lewisham ndi ku Peckham. Kwawo kunali ku Ntcheu, ndipo analeredwa ndi bambo wophunzitsa pasukulu ya mishoni, amene anamukhomerera m'mutu kuti wamkulu akakupatsa chinthu umalandira ndi manja awiri, sumuuza kuti nchowawa. Anakula munthu wofatsa mpaka kunyanya. Mkazi wake Etta ankasamalira okalamba, mwana wawo Fiona ankayankha Chichewa m'Chingerezi, ndipo gawo lalikulu la chakudya cha m'nyumbamo linkachokera ku phazi lamanja la Felton, lopondera mafuta ndi buleki.

Msana unayamba kumupweteka nyengo yozizira. Kenako anayamba kuwonda, lamba nkumasowa bowo. Zaka zimenezo foni yochokera kumudzi ikalira, munthu ankayamba wakhala pansi asanayankhe, chifukwa kawirikawiri inali ya maliro. Felton ankaopa kuti akapita kuchipatala akamva dzina la matenda aja anthu ankangowatchula monong'ona. Ankaopanso kuti kuntchito akadziwa za msana amutsitsa pachiwongolero.

Amene anamuonetsa njira ina anali Rogers, dalaivala mnzake wa ku Lusaka.

"Iwe Felton, tiye kuli mudala uja wa ku Hong Kong," anatero Rogers ali pa tiyi. "Na ine nenze na back pain, manje yasila. Munkala chabe pa chair, no injection."

Mdalayo anali a Lau, amene anaphika m'malesitilanti a ku London mpaka tsitsi kuyera. Loweruka m'mawa ankaphunzitsa, m'kachipinda kapamwamba pa sitolo ya makapeti ku Lewisham, kakhalidwe kachete ka chiphunzitso cha Tao. Felton anaseka chamumtima: munthu wokhala pampando sabata yonse, akamuphunzitsenso kukhala? Koma a Lau anamukonza ngati akukonza mpanda wopendekeka. Anamukhazika kunsonga kwa mpando, mapazi onse pansi, msana chilili ngati wina akukoka ulusi paliwombo. Chibwano chibwerere pang'ono, mapewa agwe, lilime likhudze kumwamba kwa m'kamwa, manja asanjikizane pansi pa mchombo. Anati m'thupi muli mphamvu yoyenda ndi mpweya, imene imasonkhana pansi pa mchombopo, nkukwera ndi msana mpaka kumutu, nkutsikira kutsogolo. Munthu akakhala mokhota, njirayo imapindika ngati paipi ya madzi.

Felton anazikonda zimenezi, ndipo zinamuthandizadi mtima. Kwa nthawi yoyamba chichokereni ku Ntcheu anapeza malo amene palibe ankamufunsa mapepala kapena kumutukwanira kuchedwa kwa basi. Tsiku lina a Lau anauza kalasi kuti mphamvu ikayamba kuyenda, ena amamva kufunda m'manja, ena amamva ngati nyerere zikuyenda pakhungu. Anawonjeza, akuloza ndi chala, kuti wina akamva ululu kapena dzanzi losachoka, anene msanga, chifukwa zimenezo nza dokotala.

Nyerere zinabwera, koma m'mapazi. Felton anakondwa, nati mankhwala agwira. Patapita masabata nyererezo zinasanduka dzanzi, ndipo dzanzilo linakwera mpaka m'maondo osachokanso. Mawu achiwiri a a Lau ankawakumbukira bwinobwino. Koma Loweruka lililonse mdalayo akamugwira paphewa nkumufunsa kuti msana uli bwanji, Felton ankawerama pang'ono nkuyankha kuti, "Better, teacher. Little by little."

Zimandipsetsa mtima, chifukwa yankho limeneli ndi lathu. Kwathu munthu ali pamphasa, madzi akumwetsedwa ndi supuni, ukamufunsa amati akupezako bwino. Wakumudzi amadziwa kuchotsera, amayang'ana maso ndi milomo. A Lau sankadziwa zimenezo. Iwo ankamva munthu wamkulu akunena kuti akuchira, ndipo ankamuonetsa kwa ophunzira atsopano kuti aone kukhala kwabwino. Nanga Felton akanayamba bwanji kuuza nkhalamba yomuchitira chifundo, pamaso pa anthu, kuti zimene ikumupatsa sizikuthandiza?

Etta ndiye anaona. M'mawa wina anapeza silipasi imodzi pamasitepe, mwamuna wake ali kukhitchini phazi lina lili pasimenti yozizira.

"Bambo a Fiona, silipasi yavuka simunamve?"

"Ndinamva, ndimafulumira."

"Mukunama. Ine ndimagwira ntchito ndi ma old people, ndikudziwa. Tiyeni kwa GP, dokotala wathu uja, lero lomwe."

"Ndili pa early shift. Tipita next week."

Sabata yamawayo sinafike. Lachinayi masana, mumsewu wa masitolo ku Peckham, mayi wina anatulukira kuseri kwa lole akukankha kangolo ka mwana. Felton anauza phazi kuti liponde buleki, ndipo sanamve yankho lililonse. Anachita kuyang'ana pansi kuti aone pamene phazi lake lili. Anakoka buleki ya pamanja, basi inagwedezeka, anthu anagwerana, kangolo kanadutsa chapafupi kwambiri. Palibe anavulala. Felton anakhala pampandopo msana chilili, ndipo atafuna kudzuka miyendo inakana.

Kuchipatala anapeza kuti sanali matenda ankawaopa aja. Inali TB ya msana, yochizika ndi mapiritsi, imene inadya fupa mpaka linakanikiza mtsempha wopita kumiyendo. Dokotala anafunsa kuti dzanzi linayamba liti. Felton atanena mwezi wake, dokotalayo anavula magalasi, nati akanabwera nthawi imeneyo bwenzi akutuluka ndi miyendo yake. Anamuchita opaleshoni, TB inatha, koma kuyambira m'chiuno kutsika kunakhala zii. Etta analira mokwiya, ndipo anali ndi chifukwa.

A Lau anamva kwa Rogers, ndipo anabwera kuwodi Lamlungu masana atanyamula malalanje. Anapeza Felton ali panjinga ya olumala pafupi ndi windo, chibwano chobwerera, mapewa ogwa, manja pansi pa mchombo, mapazi anamwino atamuikira pazitsulo. Pa ophunzira onse, palibe ankakhala bwino kuposa iye. Mdalayo anamuyandikira. Kenako anagwada movutikira, naika dzanja pabondo la Felton, nafinya.

"Apa mukumva?" anafunsa m'Chingerezi chawo chodukaduka.

Felton analiona dzanjalo, la zipsera za mafuta otentha, likufinya bondo ngati la munthu wina. Mutu unayamba kale kuwerama, ndipo yankho lakale lija linali litafika pamilomo. Etta ankamuyang'ana ali pamphepete pa bedi.

"Ayi, aphunzitsi," anatero Felton. "Sindikumva kanthu. Ndinasiya kalekale."