Minda Makumi Anayi pa Chulu Chimodzi

Alamu anga a Josias sanagwirepo chiwongolero, koma kwa zaka khumi ndi zisanu palibe kamiyawu, kapena kuti lole, ya kampani yonyamula kachewere ku Ulongwe imene inkalowa m'minda ya ku Lifidzi popanda iwo. Ankakhala pambali pa motorista n'kumaloza ndi mlomo: "Khoterani apa, kutsogoloko mlatho unapita ndi madzi." Ntchito yawo inali yomweyo basi, koma ankayenda nayo monyada ngati tambala.

Chaka chatha shefe wawo, bwana wa kampaniyo, anabweretsa sisitema. Akuti zonse zizisungidwa pa intaneti, m'makompyuta akutali amene ngakhale iyeyo sanawaonepo, ndipo motorista azingotsatira telefoni. Mlimi aliyense anauzidwa kuti aime pamunda pake n'kudina telefoni, malo ake alembeke. Alamu anauzidwa kuti mwezi ukatha akapume. Anaonda, inu! Ine ndinkawaseka, koma mumtima zinkandiwawa.

Tsono kwathu ku Lifidzi redi, netiweki ya telefoni ija, imagwira pachulu chimodzi chokha, kuseri kwa tchalitchi. Anthu anaganiza kuti popanda redi kudinako sikungatheke, choncho onse makumi anayi anakadinira pachulupo. Lolemba kamiyawu inafika ndi motorista wachilendo wa ku Tete, n'kuima pachulu. Anapezapo mbuzi ziwiri. Uku kachewere ali m'minda, matumba osokasoka, dzuwa likuswa mtengo.

Shefe anabwera yekha kunyumba, chipewa chili m'manja. "Bambo Josias, tithandizeni. Muyende ndi telefoniyi munda ndi munda, muzidina pamalo penipeni. Redi siyofunika."

Ine ndinawakokera kuseri kwa nyumba. "Alamu, musapuse! Mukamaliza akutayani ngati chitsononkho. Muzidina munda umodzi pa sabata, ntchito ikhalitse."

"Nanga kachewere wa anthu awole chifukwa cha ine?" anandiyankha.

Anamaliza m'masiku anayi, pa njinga, munthu wosamva ameneyu. Tsiku lomaliza ndinawaperekeza, ndikuwalalatira njira yonse. Titachoka kwa mayi Angélica, munda wotsiriza, anakhotera kukamunda kawo komwe, kamene kanangomera tchire chiyambireni ntchito ija. Anaima pakati, nadina.

"Apa mulibe kachewere," ndinatero.

"Chaka chamawa adzakhalamo," anatero alamu, akupukuta telefoni ndi malaya. "Adziwiretu njira, poti ine m'kamiyawumo sindidzakhalamo."