Chiponde cha Mabwana

Achimwene anga anayamba kuonda chaka chimene njinga zamoto zinadzaza pa Muloza. Iwo anali a kabaza ya njinga yakapalasa ndipo za injini sankafuna n'komwe kumva. Ankati petulo wa mwamuna weniweni ndi chinangwa. Anali munthu wathupi, miyendo ngati minsi. Ankawolotsa matumba a chimanga kuchokera ku Milange, tsiku lina n'kukweza mayi, mwana ndi dengu la nkhuku pa kaliyala imodzi. Kwa ife anali mwini mbumba. Amayi atamwalira, nkhani iliyonse ya pakhomo pathu, kaya maliro, kaya ukwati wanga ukagwedezeka, inkadikira iwowo.

Lamba wawo anamuboola mabowo ena ndi msomali. Kolala ya malaya inayamba kulendewera. Ludzu silinkawatha, pa mjigo uliwonse ankaima, ndipo okwera anayamba kudandaula kuti ulendo waufupi omwewo bamboyu atsika kangapo kukataya madzi m'mbali mwa munda wa tiyi.

Kwathu kuno munthu wamkulu akayamba kuonda, anthu safunsa. Amamuyang'ana, kenako amayang'ana mkazi wake. Tinaika abale ambiri zaka zija, ndipo ngakhale lero mankhwala alipo, anthu akumwa n'kumalima bwinobwino, manyazi aja sanachoke mwa amuna a msinkhu wa achimwene. Nanenso ndinkaganiza zomwezo. Munthu wa pamalire, wogona tsidya lina katundu akachedwa, ndani akanaganiza zina?

Ankakhala kuchikamwini, kwawo kwa alamu anga cha ku Milonde. Ndinapita kumeneko Loweruka lina, ndipo sindinazungulire.

"Achimwene, tiyeni mukayezetse magazi."

"Ndikayezetse chiyani, achemwali? Ndakuuzani kuti ndikudwala?"

"Simunanene, koma maso ndili nawo."

"Mukufuna anthu andione ndikutuluka pa kakhomo kaja ndi timapaketi ta chiponde m'jumbo? Anyamata a pa siteji andikwerenso? Iyayi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine sindinamve kanthu."

Chiponde chimene ankanenacho ndi chija amapereka kuchipatala kwa anthu amene thupi latha. Ndi chakudya chabwino, chapulumutsa ambiri, koma timapaketi take aliyense amatidziwa. Kwa achimwene kunyamula chimenecho kunali ngati kuyenda ndi chikwangwani pamsana. Ndinabwerera kwathu nditakwiya, ndikudzilankhula ndekha njira yonse.

Botolo loyamba anawapatsa ndi wamalonda wina wa ku Milange amene ankamunyamulira katundu. Linali botolo lagalasi, lachivundikiro chachikulu, m'kati mwake muli chokoleti chopaka pa buledi, chosakaniza ndi mtedza wina wa kunja umene kuno sitilima. Nditapitanso anandionetsa ngati mwana amene wapambana mayeso.

"Mwachiona? Ichi ndiye chiponde cha mabwana. N'chimodzimodzi ndi cha kuchipatala chija, kungoti ichi amadya ndi mamanejala a ku esiteti. Muone mwezi ukatha, thupi libwerera lonse."

Alamu anachigwira ndi manja awiri. Sindiwaimba mlandu, chifukwa maso a anthu aja ankawalasa iwonso, kuchitsime, kutchalitchi, paliponse. Mkazi amene mwamuna wake akuonda amakhala ndi milandu iwiri, wakuti sakumudyetsa ndi winawo umene sautchula. Choncho m'mawa ankawapakira chokoleti chija pa buledi wa ku Milange uja timati pawo, mochindikala ngati akuzira nyumba. Ankathiramo m'phala. Asanakwere njinga, supuni yodzaza. Botolo likatha ankagulitsa nandolo kuti pabwere lina. Ana akayandikira ankawathamangitsa: "Chokani apo, ndi mankhwala a bambo anu awa!"

Ndinalawako kamodzi ndi chala. Sindinama, chinali chokoma. Koma kutsekemera kwake kunandilowa mpaka m'mano, ndipo lilime linakhala lonona kwa nthawi yaitali. Tsiku lina nyengo yotentha, botolo linaiwalika pa windo. Pamene ndinkaliona, pamwamba panali patayandama mafuta oyera mbee, oti ukhoza kukazingira dzira, ndipo pansi pali chiphalaphala chakuda.

"Alamu, awa si mafuta ophikira awa?"

"Ndiye timafuna mafuta omwewo," anandiyankha. "Nanga munthu amanenepa ndi chiyani?"

Nanenso ndinaleredwa ndikudziwa kuti wodwala umamupatsa zonona ndi zotsekemera.

Thupi silinabwerere. Ankadya ngati anthu awiri koma masaya ankangolowa m'kati. Maso anayamba kuchita chifunga, moti masana dzuwa likuswa mtengo anagwera m'dzenje la pamsewu limene analidutsa zaka zonsezi. Pedulo ya njinga yawo inali itatha kalekale, panangotsala kachitsulo, ndipo iwo ankapalasa atavala patapata. Kachitsuloko kanawacheka pansi pa phazi. Linali bala laling'ono, loti mwana angakhale nalo n'kumasewera mpira mawa lake. Analimanga ndi kansalu n'kumapalasabe. Masabata anapita, bala osapola.

Nthawi yothyola nandolo ndinapita kukawathandiza alamu. Masana ndinazungulira kuseri, kubafa yaudzu, ndipo ndinaima. Pamalo pamene achimwene ankatayira madzi panali bii ndi nyerere, zikupikisana ngati pagwa nzimbe yotafuna. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu, amene mwamuna wake anadwala shuga, anatiuzapo kuti iye anayamba kudziwira pa nyerere zomwezi. Ndinatuluka ndikuitana alamu mokuwa, ngati kwabuka moto.

"Alamu, awa ndi matenda a shuga awa! Ndipo inu mukuwathira shuga wina pamwamba!"

Ndili ndi pakamwa ine, aliyense amadziwa. Alamu anataya dengu pansi, nandolo mbwee.

"Ndiye mukuti ndikuwapha ndine? Ine amene ndikugona osadya ndiwo kuti achimwene anu apeze botolo? Munali kuti inu pamene anthu ankandilozera zala pachitsime?"

Tinayankhana mawu oipa tsiku limenelo, ena sindingawalembe pano. Achimwene anali khale pakhonde, phazi ataliika pa mpando, ndipo anangotiyang'ana. Koma ndinaona kuti mawu oti shuga awalowa. Patapita masiku phazi linatupa moti sakanathanso kupalasa, ndipo anavomera kupita kuchipatala, bola chikhale chakutali kumene sangakumane ndi wowadziwa.

Tinapita atatu. Kumeneko anawayeza zonse ziwiri, shuga ndi nthenda inayo ija, chifukwa nditawagwira kale sindikanawasiya. Achimwene anatuluka m'kachipinda koyezera magazi, zotsatira zili m'manja. Kachilombo analibe. Kenako namwino anawabaya pachala, n'kuyang'ana kamakina kake, n'kuyang'ananso achimwene.

"Bambo, mwafika bwanji kuno ndi shuga wotereyu? Mumadya chiyani kunyumba?"

Alamu anapisa m'chikwama n'kutulutsa botolo. Anali atalinyamula kuti awapatseko pamzere akamva njala. Namwino analitembenuza m'manja mwake, ndipo sanakalipe.

"Mayi, umu chambiri ndi shuga, chotsatira ndi mafuta. Mtedza ndi chokoleti zangokhalamo pang'ono. Munthu wabwinobwino amangopaka pang'ono, mwa apo ndi apo. Koma bambo awa ayi, ngakhale kunyambita. Ndipo phazi ili mulisamale ngati khanda, mukapanda kutero mulitaya."

Alamu anakhala pansi pasimenti n'kuyamba kulira, nsalu ataphimba kumaso. Ine ndinawagwira paphewa, mkangano uja unathera pomwepo. Nditatembenuka ndinapeza achimwene akuseka. Ankaseka ndithu, mano onse pamtunda, misozi ikutsika.

"Shuga basi? Asisitala, mukuti ndi shuga basi?"

"Bambo, shuga si basi."

Sanamve. Za mapiritsi, za kadyedwe, za kutsuka bala tsiku ndi tsiku, tinamvera ndife akazi awiri. Iwo mtima unali utapita kale ku siteji. M'minibasi pobwerera, titaima pa Nkando, anauza kondakitala, anauza mayi wogulitsa nthochi pa windo, anauza bambo wina wachikulire amene sanawafunse n'komwe. "Achimwene, ine anthu anandiika kale m'manda, koma ndi shuga chabe!" Phazi litangophwa pang'ono anabwerera pa Muloza, n'kugulira anzawo onse a kabaza zoziziritsa kukhosi, iwonso n'kumwa nawo botolo lathunthu.

Apa ndi pamene mtima wanga umapwetekabe. Nthenda imene tinkaiopa ija, akanapezeka nayo, mwina akanamwa mankhwala mobisa koma mokhulupirika, monga amachitira ambiri, ndipo lero bwenzi akupalasa. Koma shuga anamulandira ngati mphatso. Ankati ndi matenda a anthu odya bwino. Ankawatchula monyadira, ngati dzina laulemu. Mapiritsi anamwa mwezi woyamba, ludzu litachepa anawasiya. Tsiku lokaonedwanso kuchipatala linkagwera pa tsiku la msika, ndipo msika unkapambana.

Alamu analitaya botolo lija m'chimbudzi ndi manja awo. Anasintha kaphikidwe, tiyi wopanda shuga, masamba ambiri, zonse monga anatiuzira. Koma mwamuna woyenda sungamumangirire pa mwendo wa bedi. Ankadzigulira botolo lina yekha ku Milange, n'kulisunga kwa wokonza njinga wa pa siteji, ndipo masana ankakhala pansi pa mtengo akudyera buledi wa pawo uja. Anali atachizolowera. Mwina chinali chinthu chokhacho chimene chinawakomera m'miyezi yonse ya mantha ija. Amene anandiuza ndi mkazi wa wokonza njingayo, ndipo ndinapita komweko, n'kuwapeza chala chili m'botolo.

"Achimwene, mukufuna kutisiyira ana? Wakutsina khutu ndi mnansi. Namwino uja ananena chiyani za phazi?"

Anzawo a kabaza anachita ngati akuyang'ana kumbali. Iwo ananyambita chala mosafulumira.

"Achemwali, chaka chathunthu munkandiyang'ana ngati mtembo, inu ndi mudzi wonse. Lero ndapezeka wabwinobwino, mukufunanso mundilande kanthu kotsekemera kokhaka? Ndisiyeni ndidye."

Ndinafuna kulanda botolo n'kuliswera pa mwala. Sindinatero, chifukwa mlongo sachititsa manyazi mwini mbumba pamaso pa anzake. Ndinachoka ndikulira ndi ukali, wa njinga yamoto wina n'kumandifunsa ngati kwagwa zovuta.

Mvula itayamba, matope a m'njira analowa m'bala muja. Analibisa m'sokosi. Alamu anadziwira pa fungo. Pamene ankavula sokosi, zala ziwiri zinali zitada ngati makala, ndipo achimwene ankati sakumva kuwawa kulikonse, ngati kuti imeneyo ndi nkhani yabwino. Tinawanyamula pa njinga yamoto imene ankainyoza ija, titawakhazika pakati pa anthu awiri. Madokotala anayesetsa masiku angapo, koma kudako kunkangokwera. Anadula mwendo pansi pa bondo.

Tsiku lotsatira ndinalowa m'wodi nthawi yoona odwala, nditanyamula phala la mgaiwa lopanda shuga. Alamu anali atatuluka kukachapa. Achimwene anali gone chagada, aang'ono ngati si iwo, ndipo bulangete linali lathyathyathya mbali imodzi kumunsi. Ndinayesetsa kusayang'ana kumeneko. Ndinakhala pamphepete pa bedi n'kutsekula kontena, ndikuganiza za ana awo, za munda, za njinga imene inali itatsamira khoma kunyumba. Ndinkadziwa kuti andifunsa chimodzi mwa zimenezi.

Anandikodola ndi chala kuti ndiyandikire. Mawu ankatuluka movutikira, ndinachita kuwerama.

"Achemwali, kumudzi anthu akudziwa kuti ndi shuga, eti? Mwawauza?"

"Akudziwa, achimwene. Aliyense akudziwa."

"Ndi a pa siteji omwe?"

"Ndi a pa siteji omwe."

Anapumira m'mwamba, n'kutseka maso.

"Basi, zili bwino," anatero.

Ndinakhala pomwepo supuni ili m'manja, mpaka phala linazizira.