Mayi Apolonija ndi Nkhumba ya Mlongo Wawo

Mayi Apolonija Matasović, amene tawaika m'manda Lachiwiri, anabadwira m'parishi yathu ino ya ku Slavonia mu 1938. Bambo awo atamwalira, mlongo wawo Šimo ndi amene anawalera n'kuwaphunzitsa, mpaka mayiwa anapeza ntchito yoyeza magazi pachipatala cha m'tauni. Sanakwatiwe. Misa ya m'mawa sankajomba, ngakhale chipale chofewa chifike m'mawondo.

Pa maselo oyera onse a m'magazi, ankakonda otchedwa eozinofili. Ukawathira utoto n'kusuzumira pa maikulosikopu, amaoneka odzaza timibulu tofiirira, phata lake logawika pawiri ngati magalasi a m'maso. Mayiwa ankati Mulungu sanachite ulesi ngakhale pa kanthu kosaoneka. Munthu akakhala bwino, pa maselo oyera zana amapezeka awiri kapena atatu basi.

Mu Disembala 1979 anthu m'mudzi muno anayamba kudwala, thupi kutentha, zikope kutupa, minofu kuphwanya. Adokotala ankati ndi chimfine. Koma Apolonija ankati akasuzumira magazi a wodwala aliyense, eozinofili mbwee, makumi anayi pa zana. Anadziwa kuti akachuluka chonchi, chodwalitsa anthu ndi tinyongolotsi ta m'nyama ya nkhumba. Mtima unawawawa, chifukwa anadziwanso kumene nyamayo inachokera. Šimo anali atapha nkhumba n'kugawira anansi soseji monga mwa mwambo, koma osapereka nyamayo kokayezetsa.

Anayamba apita kwa iye.

"Achemwali, mukufuna mudzi wonse uzindiloza chala? Ndinakulerani ndine," anatero Šimo.

"Achimwene, soseji zina zikadali m'nyumba za anthu. Mawa ana adya."

Anakauza adokotala tsiku lomwelo. Nyama yonse inatenthedwa, odwala analandira mankhwala, ndipo palibe anamwalira. Koma Šimo sanawalankhulenso zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Kutchalitchi ikafika nthawi yopatsana mtendere, iye ankayang'ana kumbali. Ena a ife, n'zamanyazi kunena, tinkanong'ona kuti mayiwa ndi osayamika. Iwo ankamva, koma sanadandaulepo kwa munthu.

Sabata yatha, Apolonija atalandira sakramenti la odwala, Šimo anatulukira ndi ndodo yake. Anaima pakhomo.

"Nyama ija sindinakayezetse," anatero.

"Ndikudziwa, achimwene. Senderani kuno, ndakusowani."

Anamwalira madzulo a tsiku lomwelo, dzanja lawo lili m'dzanja la Šimo.