Anock Silungwe ndi mawaya a ngolo ya ukwati

Anock Silungwe sakhulupirira mtundu wa waya. Ndakhala naye moyandikana ku Lufita zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo sindinamuonepo akulumikiza waya wofiira ku wofiira chifukwa choti onse ndi ofiira. Amayamba wayesa. Ali ndi kababu komangirira ku waya, kumapeto kwake kuli msomali wosongoka. Amabaya waya ndi msomaliwo, ndipo kababu kakayaka ndiye amavomera.

Ntchito ya magetsi a galimoto anaiphunzira ku Mbeya ali mnyamata. Anabwerako ndi Chiswahili chokalipira ndi kababu kaja. Anthu amamutcha fundi, ndiye kuti mmisiri. Galaja yake ndi malata asanu ndi limodzi pa mitengo inayi, kuseri kwa nyumba. Ine ndinali dalaivala wa malole. Mawondo atayamba kuvuta ndinasiya, ndiye masiku ano ndimakhala pa benchi yake. Akafuna woponda buleki, ndimaponda. Sitiyankhulana zambiri.

Ndi munthu wabwino, koma amatopetsa. Ndinena za tsiku la ukwati wa mwana wake Thandi.

Linali Loweruka la mu Seputembala, nyengo ya fumbi. Ukwati unali ku Kaseye, kwawo kwa mwamuna, ndipo mwambo wa m'tchalitchi unali wa teni koloko. Thandi anali atagona komweko kwa azakhali ake. Ife otsala tinayenera kunyamuka eyiti koloko pa pikapu ya a Henderson, mwini golosale wochokera ku Zomba amene wakhala pa Boma zaka zambiri. Mipando ya kuphwando inali pa ngolo yokokedwa ndi pikapuyo, imene a Henderson anali atangoigula kumene ku Tunduma. Kumbuyo kwathu kukanatsatira abale pa njinga zamoto zisanu ndi imodzi za kabaza.

Pikapu inafika nthawi yabwino. Mipando inali itasanjikizana pa ngolo mpaka kuposa denga la galimoto. Anock anatuluka m'nyumba atavala suti yotuwa imene anasoketsera tsikuli. Mkazi wake Elizabeth anali atakhala kale kutsogolo, mpango wake waukulu ukugunda denga.

Anock akanangokwera, nkhani ikanathera pomwepo. Koma anazungulira kumbuyo. Sangadutse galimoto osayang'ana kumbuyo kwake.

Pakati pa pikapu ndi ngolo panali mawaya olendewera, opotedwa ndi manja, okulungidwa ndi tepi yakuda.

"Walumikiza ndani izi?"

"Ndine, fundi," anayankha a Henderson monyadira. "Dzulo masana. Wachikasu ku wachikasu, wobiriwira ku wobiriwira. Sindinafune kukuvutitsani, inu eni ukwati."

Anock anandiyang'ana. Kuno amanditcha asekuru, ndiye kuti agogo. "Asekuru, kayatseni indiketa ya kumanja."

Ndinalowetsa dzanja pa windo n'kuyatsa. Ya pikapu inaphethira kumanja. Ya ngolo inaphethira kumanzere. Nditaponda buleki, nyali za ngolo zinangoti psuu ngati khala lozilala, kenako zonse zinayamba kuphethira pamodzi.

Amene sanayendetsepo galimoto m'misewu yathu ino sangaone vuto lake. Kuno indiketa si yokhotera yokha. Dalaivala wa galimoto yaikulu amayankhula nayo kwa amene ali kumbuyo, amene saona kutsogolo. Akayatsa ya kumanja akuti, usandipitirire, kukubwera galimoto. Akayatsa ya kumanzere akuti, njira ili bwino, dutsa. Anyamata a kabaza amaimvera kuposa mmene amamvera makolo awo. Ndipo mipando ija inali itaphimba nyali za pikapu. Wakumbuyo akanaona za ngolo zokha.

"Ngolo iyi ikunama," anatero Anock, n'kuvula jekete.

Elizabeth anatsegula chitseko. "Bambo a Thandi, jeketelo mukuvuliranji?"

"Mphindi makumi awiri."

"Mphindi zanu ndimazidziwa. Zaka makumi atatu ndikudya chakudya chozizira chifukwa cha mphindi zanu."

A Henderson anayesa nzeru zawo. "Fundi, n'zosavuta. Tingowauza anyamatawa kuti asatipitirire. Basi."

"Nanga amene tiwapeze pamsewu awauza ndani?"

"Ndiye tingodula mawaya onse. Ndi masana ano, dzuwa lili phwee."

"M'fumbi ili? Muponde buleki, wakumbuyo adziwa bwanji? Alowa m'mipando ndi azakhali anga."

"Sinthanitsani awiriwo basi, wachikasu ndi wobiriwira!"

"Buleki nayo ndi yolakwika. Waya wa eti palibe. Ndipo zopota ndi manjazi zimasuka tisanafike pa mlatho woyamba."

Eti ndi waya wobwezera moto ku chitsulo cha galimoto. Ukasowa, nyali zimachita misala ngati imene tinaona ija.

Anock analowa m'galaja n'kutulukamo ndi kabokosi. Munali soketi ya mabowo asanu ndi awiri ndi pulagi yake, zatsopano, zimene anazisunga zaka zitatu kudikira ngolo yoyenera. Anayala katoni pansi, nagona chagada pansi pa pikapu, buluku la suti lili m'thupi.

Anayamba ndi kudula zonse za a Henderson. Anamasula nyali za kumbuyo kwa pikapu, n'kuyamba kubaya mawaya mmodzimmodzi.

"Kumanzere, asekuru."

Ndinayatsa.

"Kumanja. Buleki. Siyani. Buleki kachiwiri."

Pikapuyo inachokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam, ndipo mitundu ya mawaya ake inali ya kwawo komweko. Ngolo inawotcheredwa ku Tunduma ndi munthu amene anangogwiritsa ntchito mawaya amene anali nawo tsiku limenelo. Awiri anali achikasu. Wina unayamba wobiriwira, pakati n'kusanduka wakuda. Anock anauonetsa kwa a Henderson. A Henderson anayang'ana kumwamba.

Nayini koloko inakwana Anock akupala dzimbiri pa chitsulo kuti eti igwire. Anyamata a kabaza anali atazimitsa njinga, akudya nzimbe. Azakhali awiri anayala zitenje pansi pa mtengo wa mango.

Kenako Anock anafuna kuwotcherera mawaya ndi mtovu, koma magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Ndinaganiza kuti apa agonja, apota ndi pulaya ngati anthu ena onse.

"Mayi a Thandi, mbaula ili ndi moto?"

Elizabeth akakwiya kwenikweni Chichewa chimamuthawa. "Awiske Thandi! Mwana winu wakulindilira!" Mwana wanu akudikira. Anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. "Ndani akam'pereke kutsogolo? Ine? Kapena waya?"

"Ndikam'pereka ndine. Mbaula."

Elizabeth anaibweretsa yekha mbaulayo, n'kuiika pansi mwamphamvu mpaka makala awiri anagwa. Foni yake inalira. Anali Thandi. Tonse tinamva mawu ake, chifukwa foni ya Elizabeth ndi yaphokoso.

"Amama, muli pati? Abusa akuti ali ndi maliro masana, sangadikire kupitirira hafu teni."

"Funsa adada ako. Ali pansi pa galimoto."

"Pansi pa galimoto," anabwereza Thandi. Sanafunse chifukwa. Anakulira pa bwalo lomweli.

Elizabeth anatsitsira foni pansi pa pikapu. Anock anali ndi waya pakamwa.

"Adada, chonde. Lero lokha."

Analavula waya. "Ndikubwera, mama. Atsala mawaya atatu."

Elizabeth anaimirira, nakonza mpango wake, n'kuloza mnyamata mmodzi wa kabaza. "Iwe, liza njinga." Anatembenukira kwa mwamuna wake. "Inunso kwerani ina. Siyani a Henderson abwere ndi mipando pambuyo."

"Abwere nayo chonchi?"

"Inde, chonchi!"

Anock anaika chitsulo chowotcherera pa makala. Elizabeth ananyamuka, fumbi n'kumutsatira. Cornelius, mng'ono wake wa Anock, anakwera njinga yachiwiri osatsanzika. Abale ena anatsala, chifukwa katundu wawo anali m'pikapu ndipo sanafune kusiyana naye.

Ine ndinafuna kunena kanthu. Ndinaganiza zoti ndimuuze Anock kuti ngolo zilipo zambiri koma Thandi ndi mmodzi. Koma ndinaonapo njinga italowa kunsi kwa lole pa msewu wa ku Karonga, ndipo ndikudziwa mmene zimaonekera. Ndiye ndinangogwira mbaula kuti isagwe.

Anock anawotcherera waya uliwonse pa phini yake, n'kuuphimba. Anaboola mabowo awiri ndi chiboolero chamanja pafupi ndi chitsulo chokokera, namangapo soketi. Mawaya anawalowetsa m'kapaipi kuti miyala isawadule, n'kusiya utali wokwanira kuti asakokeke pokhota. Atalowetsa pulagi, ndinaponda buleki. Panamveka kuti thu, zonse n'kuzima.

"Fyuzi," anatero Anock.

A Henderson anakhala pansi m'fumbi ndi buluku lawo loyera. "Ambuye, ndinalakwanji kugula ngolo?"

Vuto linali kawaya kamodzi kokhudza chitsulo mkati mwa nyali ya ngolo. Kukapeza kunatenga mphindi khumi ndi zisanu. Kenako Anock anaimirira kumbuyo, manja m'chiuno.

"Kumanzere." Inayaka kumanzere. "Kumanja." Kumanja. "Buleki." Zonse ziwiri, zofiira bwino. "Kachiwiri."

"Kachiwiri chiyaninso, fundi!" anakuwa a Henderson. "Kwerani!"

Inali hafu teni.

Ine ndinakhala kumbuyo kwa pikapu, pa thumba la mpunga. Tili pakati pa ulendo, pamalo ena otsetsereka, mnyamata amene ananyamula azakhali awiri aja anatopa ndi fumbi lathu, n'kuyamba kutulukira kumanja. A Henderson anayatsa indiketa ya kumanja. Mnyamata anabwerera. Lole ya chimanga inadutsa, mphepo yake n'kugwedeza mipando. Kaya anaona nyali, kaya anangomva kulira kwa lole, sindikudziwa. Anock anali kutsogolo, sanaone.

Tinafika anthu akululutira. Mphete zinali zitavalidwa kale. Thandi anali atadikira m'galimoto panja pa tchalitchi mpaka abusa anatuluka okha kudzamupempha, ndipo anamupereka ndi Cornelius. Anock anaima kumbuyo pafupi ndi chitseko, jekete m'manja. Kumsana kwa malaya ake kunali chizindikiro cha katoni ndi mafuta.

Potuluka, Thandi anaima patsogolo pake. Anock anatambasula manja kuti amukumbatire, koma mwanayo anawaona mmene analili akuda, n'kukokera diresi lake kumbuyo.

"Yayi, adada. Musandigwire."

Anatsitsa manja.

"Zayaka?" anafunsa Thandi.

"Zayaka zonse."

"Chabwino," anatero, n'kupitirira ndi mwamuna wake. Sanalire pamenepo. Ndinamva kuti analira kale m'galimoto muja.

Patapita masiku ndinamuuza Elizabeth za lole ija. Anandimvetsera akusankha nyemba.

"Asekuru, inu ndi mnzanuyo ndinu amodzi. Lachisanu lonse anali kuti osaiyang'ana ngoloyo?"

Lachisanu Anock anali akukonza nyali za minibasi ya munthu wina.

Chithunzi cha ukwati chinabwera mu Okutobala. Pali Thandi, mwamuna wake, Elizabeth, ndi Cornelius ataima pamalo pa bambo. Elizabeth sanachipachike m'chipinda chochezera. Anachikhomera pa mtengo wa galaja, pamwamba pa msomali umene Anock amakolekapo kababu kake. Anock amachiona m'mawa uliwonse potenga kababuko. Sanachichotse.

Thandi anakhala miyezi yoposa iwiri osaimba foni. Mu Disembala anabwera yekha pa kabaza, atanyamula tochi yaikulu ya apongozi ake imene inasiya kuyaka. Anaiika pa benchi pafupi ndi ine, osati m'manja mwa bambo ake.

"Ndibwerera lero lomwe, adada. Njinga ikundidikira."

"Mphindi makumi awiri," anatero Anock.

Thandi anayang'ana chithunzi chija, nayang'ana bambo ake akumasula tochi pang'onopang'ono. Anapumira m'mwamba, n'kupita kukauza mnyamata wa kabaza kuti azipita, adzamutenge mawa.