Foni Yosalira ya Mayi Fainess

Pa laini yathu kuno kuesiteti pali abambo ena okonza mafoni akale, aja amabatani. Akalandira foni amayamba ainunkhiza kaye, kenako n'kutchula matenda ake: batire yafufuma, potchajira padzaza fumbi, kapena yamwa mame m'munda wa tiyi. Zida zawo ndi mswachi, sipiriti ndi kampeni basi. "Foni siifa yonse," amatero. "Chimafa ndi chinthu chimodzi, ndipo ine ndimachipeza."

Tsiku lina kunabwera mayi Fainess, othyola tiyi, maso ali psuu.

"Abambo, foniyi inasiya kulira. Mwana wanga Gracious ku Joni ayenera kuti akuimba osandipeza."

Abambowo anaitsegula, kuipukuta, n'kuiimbira ndi foni yawo. Inalira mpaka nkhuku kubalalika. Inalibe vuto lililonse.

Abambowo sanawauze mayiwo zimenezo. Anangotenga nambala ya mwanayo, n'kupita kuseri kwa nyumba kukaimba.

"Ndinu a Gracious? Ndine wokonza mafoni kuno ku Thyolo. Ya amayi anu ndaiona, ili bwinobwino. Yowonongeka ndi yanuyo. Mubwera nayo, kapena muikonza nokha?"

Madzulo omwewo foni ya mayi Fainess inalira, laini yonse tinaimva.