Chitenje cha Achemwali Anga a Vailet

Achemwali anga a Vailet musawaone kufatsa pa benchi yakutsogolo m'tchalitchi. Ndi mayi amene analima mtedza ku Chipangali mpaka kugulira amuna awo, a Gerson, njinga yamoto. Kuthokoza kwake? Bambo aja anayamba kunyamulapo mtsikana wa ku Kapata, dzina lake Jesca, mpaka kumupatsa mimba. Zamanyazi!

Tsiku lina m'mawa achemwali anamanga chitenje cha azimayi a Chigwirizano ngati akupita kumapemphero, koma m'manja munali mpini wa khasu. Mudzi wonse unawaona akukwera minibasi. Masana a tsiku lomwelo a Gerson anapezeka atafa m'munda wa thonje, mutu utaphwanyidwa, njinga palibe. Apolisi sanavutike n'kuganiza: mkazi wansanje, mpini, yatha nkhani.

"Mayi, munali kuti?" anafunsa wapolisi.

"Kwa Jesca, bambo. Ndinapita kukamuthyola msana, sindikana. Koma ndinamupeza yekha pansi, akubuula, nthawi yake itakwana. Ndinataya mpini, ndinagwada, n'kulandira mwana."

Wapolisi anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako anawatsekera. Ngakhale abusa anangoti Mulungu ndiye adziwa. Ine ndinalira koopsa, chifukwa mlandu wakupha si masewera. Achemwali m'chitolokosi ankangoimba nyimbo za mpingo.

Mboni inali imodzi, Jesca, ndipo anali m'chikuta. Kwathu kuno khanda silituluka panja mchombo usanagwe, ndipo azakhali ake anamuletsa kwamtuwagalu. Komatu anatuluka! Anafika kupolisi akukoka miyendo, khanda lili m'manja, lokulungidwa m'chitenje cha Chigwirizano chija.

"Ine sindipemphera mpingo umenewu," anatero Jesca. "Chitenjechi anavula ndi mayiwa. Mchombo anadula ndi iwo, ndipo sanandisiye mpaka dzuwa kupendeka."

Wapolisi uja kuseka konse kunatha. Okupha enieni anadzagwidwa pambuyo pake pa malire a dziko ku Mwami, akufuna kuwolotsa njinga ija.

Ine ndimanyada nawo achemwali anga, ndipo sindibisa. Iwo atatuluka m'chitolokosi, Jesca anawagwadira pafumbi akulira. Iwo sanamudzutse. Anayang'anitsitsa khandalo, mphuno yake yeniyeni ya a Gerson.

"Iwe sindinakukhululukire, ndikali kupempha Mulungu mphamvu," anatero. "Koma mwana wangayu umufunditse bwino, kuli mphepo. Chitenjecho usabweze."