Makutu a Amang Darkasi

Boti lilibe mabuleki, ndipo pakati pa mtsinje wa Barito palibe pothawira. N'chifukwa chake ife amayi ogulitsa zipatso tinkakwera boti la Amang Darkasi lokha, ngakhale denga lake linali lothonya. Mkuluyu injini ankaisamala kuposa mano ake, omwe anangotsala apa ndi apo.

M'mawa uliwonse tinkawapeza atagwada m'botimo. Ankayang'ana oyilo, kusefa dizilo pa kansalu, kuchotsa namasupuni pa paipi yokoka madzi oziziritsa injini, kenako n'kupukusa chitsulo cholizira mpaka utsi wakuda utuluke. Madzi akapanda kutuluka m'mbali mwa boti sitinkanyamuka, ngakhale tilalate chotani.

Koma injini yomweyo ndiyo inawadya makutu. Ukawafunsa za akazi awo, ankakuyankha za mvula. Tonse tinkadziwa, koma panalibe wonena, poopa kuti oyang'anira doko awaletsa kunyamula anthu. Iwo ankayendetsa atavula nsapato, phazi lili pa thabwa kuti azimva kunjenjemera kwa injini. Ine ndinkawakonda Amang, koma kunena zoona, tikafika pakati pa mtsinje mtima wanga sunkakhala m'malo.

Tsiku lina tikuwoloka ndi madengu athu, pakhota panatulukira chombo chikukoka chibwato cha malasha. Chinthu chimenecho ndi phiri loyenda, sichiima ndipo sichipatukira munthu. Amang anachiona, n'kuwonjezera moto kuti tidutse msanga. Injini inakuwa, koma kulira kwake kunali kwachilendo, kopyapyala, ndipo boti linayamba kufooka.

"Mwamva zimenezo?" anandifunsa Acil Jumantan, mnzanga wogulitsa nthochi.

"Ndamva. Ikukuwa koma sitikuyenda."

"Auzeni inu, muli pafupi."

"Amang, boti laima," ndinatero mokweza.

Sanacheuke. Phazi linkawauza kuti injini ili ndi mphamvu, ndipo silinkanama. Jumantan anatola lalanje langa n'kuwagenda nalo pamsana.

Amang anayang'ana nkhope zathu, kenako madzi a kumbuyo kwa boti. Kunalibe thovu. Anakhudza bokosi la magiya n'kuchotsa dzanja msangamsanga, linali moto. Oyilo anali atadontha, ndipo giya inkangoterereka osagwira.

Ndiye anachepetsa moto.

"Mkuluyu wapenga kodi?" anatero Jumantan. "Onjezerani moto, Amang. Inu mwakalamba kale, ife tili ndi ana!"

Ine ndinkangotchula dzina la Mulungu chamumtima. Koma injini itatsitsa mawu, giya inagwira pang'ono, boti n'kuyamba kukwawa. Amang anatsegula bokosi lija n'kuthiramo oyilo wa m'botolo, wina kutayikira pansi. Fungo la utsi wa chombo linali litatipeza kale. Chinadutsa kumbuyo kwathu, anthu ake akutitukwana, ndipo funde lake linatikhuthulira madzi m'madengu.

Padoko anthu onse anatsika. Ine ndinatsalira, ndikutola malalanje amene anamwazika.

"Acil," anandiitana Amang, poti amayi tonse kwathu timaitanidwa choncho, "injini ija inalira bwanji?"

Ndinayesa kuyerekeza kulirako, ine mayi wamkulu, ndikulira ngati mphaka. Iwo anangoyang'anitsitsa pakamwa panga.

"Tabwerezani."

Ndinabwereza mokweza mpaka anthu a padoko anacheuka. Amang anapukusa mutu pang'onopang'ono. Ndinawamvera chisoni kwambiri moti ndinanyamula dengu n'kuchokapo, kuopa kulira pamaso pawo.

Giya anaikonza okha, ndipo inabwerera mwakale. Patapita masiku, titafika ndi madengu athu tinapeza injini ikulira bwinobwino, madzi akutuluka m'mbali. Jumantan anaponda m'mphepete mwa boti kuti akwere, koma Amang anamutchinga ndi mkono.

"Ayi, Acil. Kakwereni la uko."

"Zatha zija, Amang. Tizikumverani ife, makutu tili nawo ambiri."

"La uko," anabwereza, akuloza boti lina.

"Nanga mwailiziranji injiniyi?"

Funsolo sanalimve. Mpaka lero amailiza m'mawa uliwonse kuti isachite dzimbiri, boti lili chimangire pa mtengo.